Mkamwini Amene Anamasula Mvula

Tisamunamizire, Fraser anali mwamuna. Ngakhale mkazi wake Aliness, amene masiku ano akamva dzinali amayang'ana kumbali n'kulavula, zimenezi sakana. Chaka cha namondwe chija, madzi atasefukira m'chigwa cha Phalombe n'kulowa m'midzi ya kwa Chiwalo, amuna ena amene timawadziwa anakwera m'mitengo ya mango n'kumalangiza akazi awo ali pamwamba. Fraser analowa m'madzi ofika m'khosi n'kukabereka apongozi ake, a Sitima, ngati khanda. Atawatula pachulu, nkhalambayo sinathokoze n'komwe, inangoti, "Ng'oma." Mkamwini anabwereranso m'madzi momwemo, n'kutulukamo ataisenza pamutu.

Ng'omayo inali ya tchopa, gule wa Alomwe. Inali yaitali kufika m'chiuno, yotsekeka kunsi, yakuda bii ndi utsi komanso thukuta la manja a anthu amene anafa kalekale. Agogo awo ndi amene anabwera nayo kuchokera ku Mozambique. Gulu la tchopa la m'mudzimo linali ndi ng'oma zina zing'onozing'ono zopita nazo kuukwati ndi kumisonkhano, koma iyi inali ndi mwambo wake. Sinkatuluka m'mudzi. Inkalira pokolola, pamaliro a munthu wovina, ndi popempha mvula, basi. Woiomba anali a Sitima okha, ndipo ulemu wonse umene bambo ake a Aliness anali nawo padziko lino unali pa ng'oma imeneyi. Ng'ombe analibe, njinga analibe, sukulu sanaipondeko, koma akamadutsa anthu ankapatuka m'njira n'kuwomba m'manja.

Kuvina ndiye kunali kwa Fraser. Pa tchopa amuna amabereka katundu kumsana, zikopa, makasu akutha, zipande zakale, ndipo ambiri amavina ngati katunduyo ndi chilango. Fraser akalowa m'bwalo katundu yemweyo ankaoneka wopepuka. A Sitima ankakonda kunena kuti mwendo wa mkamwini wawo umamva ng'oma dzanja lisanatsike. Aliness ankaimba kumbali ya amayi mtima uli myaa, akudziwa kuti gule akatha munthu ameneyu akasamba madzi otereka iyeyo.

Koma uvine bwino chotani, kuno mkamwini ndi mkamwini. Njerwa za nyumba anaumba yekha, koma dothi linali la malemu amayi ake a Aliness. Munda ankalima yekha, koma unali wa kuchikazi. Ana, kuyambira Lily woyamba uja, anali a mbumba ya kwa mkazi. Amuna ambiri m'mudzimo amakhala chomwecho ndipo amanenepa bwinobwino, koma Fraser chinkamudya m'kati. Aliness ankaona momwe ankakhalira chete wina akamutchula kuti "a kwa Aliness aja."

Ndiye kunabwera Goodman. Anawaona akuvina pa chionetsero cha zaulimi ku Migowi, ndipo pasanapite nthawi galimoto yake inali itaima pakhomo pa Aliness. Anali wa ku Blantyre, ntchito yake yotenga magule a m'midzi n'kumakawavinitsa m'mahotela. Nsapato zosongoka, mafuta onunkhira mpaka nkhuku kuyetsemula, ndi mano oyera amene ankawaonetsa ngakhale palibe choseketsa. Akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma sanatiuze kuti kalumoko kadzameta ndani.

"Bwana Fraser," anayamba Goodman, ndipo Aliness, amene ankapeta mpunga pakhonde, anaona khosi la mwamuna wake likutalika. Chibadwire palibe anali atamutchulapo bwana. "Inu ndinu sitala, katswiri weniweni, koma mukuwolera m'matope muno. Ku Migowi kuja anthu amaonera ndani? Madala aja? Amaonera inu. Gulu liyenera kukhala m'dzina lanu, dzinalo lilembedwe pamalaya. Mudzapeze malo anuanu ku tauni, kumene palibe adzakufunseni kuti dothi ndi la ndani."

Fraser anaseka mwamanyazi, koma sanakane.

"Chinthu chimodzi chokha," anapitiriza Goodman, akutsitsa mawu. "Alendo a m'mahotela safuna ting'oma ta dzulo. Amafuna orijino, chinthu chonunkha utsi. Ija ya madala ija."

Fraser anakapempha tsiku limene gulu linakumana pabwalo kuti liyeserere nyimbo. Kumeneko ndiye kunali kulakwa kwake koyamba, chifukwa nkhani yotere sapempha pagulu. A Sitima anali akuwotcha chikopa cha ng'oma ina pamoto wa mapesi kuti chikungike. Anamvetsera mpaka mkamwini atamaliza, kenako anati, "Zing'onozing'onozo tengani, kavineni, mutibweretsere buledi. Yaikuluyo siyenda."

"Bambo, nthawi zasintha. Gule sangamangowolera m'mudzi."

"Mwananga," anatero a Sitima akumwetulira, "mkamwini asamakule mwendo."

Ananena mwanthabwala, monga ankachitira nthawi zonse, ndipo anthu anaseka. Fraser nayenso anaonetsa mano. Koma Aliness anali atakhala naye nthawi yokwanira kudziwa kuti kumeneko sikunali kuseka.

Kuyambira pamenepo munthu anasintha poyera. Goodman anamupatsa magalasi akuda ndi foni yakale, ndipo Fraser ankavala magalasiwo ngakhale popita kuchimbudzi. Khasu linayamba kumulemera. Galimoto ikabwera ankathamangira kumsewu ngati mwana wolandira amalume ake, ndipo tsiku lina Aliness anamupeza atawerama pagalasi la galimotoyo akuyeserera kumwetulira. Bambo wa ana atatu. Zinamunyansa, koma anati n'chibwana, chidzatha.

Chaka chimenecho mvula inadula chimanga chili m'mawondo. Mitambo inkasonkhana pamwamba pa phiri la Michesi, kuda ndithu mpaka anthu kuchotsa zovala pachingwe, kenako n'kubalalika. Masamba a chimanga anapotana ngati anyezi. Anthu amene namondwe anawasiya manja ali m'khosi chaka chapitacho sakanatha kupirira njala ina. Anapita kwa a Sitima, ng'oma yaikulu inatuluka, anavina tchopa wopempha mvula mpaka fumbi kulowa m'mano. Kumwamba kunangoti mbee.

Kenako Aliness anayamba kuona kuti akafika pamjigo nkhani zikuduka. Hilda, mnansi wake amene ankabwerekana naye mchere, anayamba kuyankha moni atayang'ana chidebe. Aliness sanamvetse mpaka tsiku limene anthu a m'mudzi anabwera.

Anabwera dzuwa lili paliwombo, anyamata patsogolo, amayi kumbuyo, ana m'mbali. Anawatulutsa a Sitima m'nyumba, kuwavula malaya, n'kuwakhazika pa dothi lotentha pakati pa bwalo.

"Madala, masulani mvula," anatero mnyamata wina amene a Sitima anamuphunzitsa okha kuponda tchopa. "Tikudziwa. Mitambo ikabwera mumalowa m'nyumba n'kuizondotsa ng'oma ija. Mukhala pomwepa mpaka mumasule."

A Sitima anayesa kuyankha m'Chichewa, mawu anawathawa, anayamba kulankhula Chilomwe chokhachokha, ndipo ena anati mwamva, ayamba kutemberera. Ana anawathira dothi kumutu. Aliness anavula chitenje kuti awafunditse, Hilda anachikoka n'kuchitaya uko. Aliness anakalipa, anagwada, anatchula aliyense dzina lake ndi la mayi ake, koma anthu anjala alibe makutu. Khungu la kumsana kwa bambo ake linayamba kutuluka matuza iye akuona.

Pamenepo ndi pamene Fraser anatulukira, akuyenda mosafulumira, magalasi ali m'manja. Anaima pakati pa apongozi ake ndi dzuwa.

"Abale anga," anatero, "awa ndi bambo anga. Wofuna kuwakhudza ayambe ndi ine. Ngati mukuti vuto ndi ng'oma, ndiye ng'omayo ichoke. Ndiichotsa ndekha lero lomwe, ikakhale kutali ndi minda yathu."

Anthu anawomba m'manja. Fraser analowa m'nyumba ya apongozi ake, mmene mkamwini salowa wamba, n'kutuluka nayo paphewa. Mwamwayi, ngati unali mwayi, galimoto ya Goodman inali itaima kumsewu. Aliness anamutsatira mpaka kumeneko, anagwada m'fumbi n'kumugwira mapazi. "Zikomo, bambo a Lily," anatero akulira. "Mwawapulumutsanso." Pa zonse zimene zinachitika, kugwada kumeneku ndi kumene kumamubweretsera nseru mpaka lero.

M'mawa mwake mvula inakhuthuka. Inagwa tsiku lonse, yabwino, yolowa pansi. A Sitima anaima pakhomo msana uli wopaka mafuta, akuiyang'ana, ndipo kuchokera m'nyumba zonse kunkamveka nthungululu. Imeneyi inali mvula yoyamba imene Aliness anaida pamoyo wake.

Tsopano panalibenso wofunsa. A Sitima anasanduka mfiti yogwidwa masanasana. Kutchalitchi benchi imene ankakhalapo inkatsala yopanda munthu. Ana akawaona ankathawira m'chimanga chomwe chija chimene tsopano chinali chitabiriwira. Pamaliro palibe ankawapatsa mpando. Anasiya kutuluka, ankangokhala kuseri kwa nyumba manja ali pamawondo, zala zikugunda pang'onopang'ono popanda choomba. Gulu la tchopa linasankha Fraser kukhala mtsogoleri, ndipo iye ankakhala masiku ambiri ku Mulanje ndi ku Blantyre. Akabwera, amayi ankamupatsa maungu ndi nkhuku, akuti ndi amene anamasula mvula.

Amene anamutsina khutu Aliness anali a Wahabu, mwini golosale ya pamsika, amene pakhonde pawo amuna amasewerapo bawo. Anadikira kuti ogula ena atuluke, n'kumamanga sopo wake m'pepala pang'onopang'ono.

"Mayi," anatero a Wahabu, "ine ndine wa kumzikiti, za ng'oma sindizidziwa. Koma makutu alibe chitseko, ndipo chinthu ichi chikundisowetsa tulo. Mawu aja akuti bambo anu amazondotsa ng'oma anayambira pakhonde panga pano. Anawanena amuna anu. Ankauza anyamata kuti iwo amagona pafupi, amaona."

Aliness anagwira thebulo.

"Si zokhazo. Dzulo lake la tsiku lija, bwana wa galimoto uja anatulutsa foni n'kuwaonetsa timitambo tojambulidwa. Akuti foni imanena tsiku lobwera mvula. Ndinamva ndi makutu angawa akuti, 'Ichoke mawa, mvula ikubwera mkuja.' Poyamba ndinaganiza kuti amuna anu akana. Kenako anafunsa kuti galimoto idzaima pati."

"Munganene zimenezi pagulu, a Wahabu?"

A Wahabu anayang'ana mashelefu awo. "Mayi, anthu omwewo ndi amene amagula pano."

Aliness sanapite kunyumba. Anasiya sopo kwa mnzake wogulitsa tomato, anakwera kabaza, kenako minibasi, mpaka ku hotela ina kumunsi kwa phiri la Mulanje kumene Fraser ananena kuti akuvina Loweruka limenelo. Mlonda atamva kuti ndi mkazi wa wovina anamulowetsa cha kukhitchini. Anaima pafupi ndi mayi wina wotsuka mbale, pamene ankatha kuona kapinga ndi matebulo.

Poyamba sanamuzindikire mwamuna wake. Panali munthu wosavala malaya, nkhope yopaka mwaye ndi choko, mafupa a ng'ombe ali m'khosi, akukwawa pakati pa matebulo n'kumabangula. Tchopa amavinidwa mozungulira, amuna ndi akazi pamodzi, ndipo palibe amakwawa. Anzake a m'gulu anali atangoima kumbuyo ngati mpanda. Ng'oma ya bambo ake inali pakati pa kapinga itapakidwa vanishi, ikunyezimira ngati kabati ya m'sitolo, ndipo munthu wina wa ku tauni ankaimenya ndi timitengo. Inkalira ngati chidebe. Nyimbo itaduka, mayi wina wa kabudula anakhalapo kuti amujambule, mnzake n'kuikapo botolo la mowa.

Goodman ankalankhula Chingerezi pa maikolofoni, alendo n'kumati haa.

"Akuti chiyani?" Aliness anafunsa wotsuka mbale uja.

"Nkhani yomweyo ya sabata iliyonse. Akuti ng'omayo inali ya mfiti ina yoopsa ya kwa Chiwalo, inkamanga mvula anthu n'kumafa ndi njala. Ndiye wokwawayo ndi amene anailanda. Amamutchula kuti Chilombo cha ku Phalombe." Mayiyo anataya madzi a sopo. "Azungu amaikonda nkhaniyi."

Pamenepo bambo wina wonenepa wa patebulo lakutsogolo anabaya nthuli ya nyama ndi foloko n'kuitsitsa pansi, akuliza kakhweru ngati akuitana galu. Aliness anati mumtima, apa ndiye aimirira. Munthu amene analowa m'madzi ofika m'khosi aimirira. Fraser anakwawa, anayasama, analandira nthuliyo pakamwa, n'kumatafuna akugwedeza mutu anthu akuwomba m'manja. Aliness anatembenuka n'kusanza pafupi ndi migolo ya zinyalala.

Anakumana pomwepo pa migolo, ntchentche zili ng'waa. Fraser atamuona anaima chilili.

"Bambo a Lily, pukutani pakamwa, pali mafuta," anatero Aliness.

Anapukuta ndi kuseri kwa dzanja. "Mwabwera bwanji kuno?"

"Ndadziwa za foni. Ndadziwa za pakhonde pa golosale."

Fraser sanakane. Akanakana mwina zikanakhalako bwino. Anangoti, "Mayi a Lily, simukumvetsa. Ine sindinkafuna kuti awavule malaya. Ndinkati angowaopseza pang'ono. Ndipo izi mwaonazi ndi sewero chabe, bizinesi imatero."

"Matuza a kumsana kwa bambo anga ndi sewero?"

"Ndinatopa," anatero Fraser, mawu akukwera. "Ndinatopa kukhala mlendo panyumba yomanga ndekha. Anandiseka pagulu, inu muli pomwepo. Ine ndinkangofuna kuti anthu azinditchula dzina langa."

"Nanga malaya olembedwa dzina aja ali kuti? Ine ndamva akukutchulani Chilombo."

Fraser anayang'ana mapazi ake.

"Ndimvereni," anatero Aliness. "Ng'oma ibwerere. Inu muime pamaso pa anthu munene chimene munachita, dzina la bambo anga liyere iwo akadali ndi moyo. Apo ayi, pa dothi la amayi anga musadzapondenso."

Goodman anasuzumira pakona akuitana, ndipo Fraser anathamanga. Anathamanga ndithu, mafupa a m'khosi akulira.

Koma mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Chimanga chisanaume m'munda, Goodman anali atapeza anyamata a ku tauni amene anaonera mapondedwe a Fraser n'kuwagwira, ndipo iwo ankakwawa bwino kuposa iye, ena mpaka kudya moto. Ng'oma nayonso inamutopetsa, akuti ndi yolemera, imadya malo m'galimoto. Anapeza mmisiri wosema zopepuka n'kumazifukiza utsi wa matayala kuti zioneke zakale. "Orijino tikupanga tokha masiku ano, achimwene," anamuuza Fraser. Ubwana unali utatha. Anamutsitsa pamsewu wa ku Phalombe pamodzi ndi ng'omayo, galimoto osazimitsa n'komwe.

Fraser anafika m'mudzi atawonda, ng'oma itamangidwa pa kabaza n'kufunditsidwa thumba. Anaiika pakhonde pa apongozi ake n'kugwada patali. A Sitima anaiyang'ana, anagwira vanishi uja ndi chala, n'kubweza dzanja.  Aliness anamupatsa Fraser madzi akumwa monga amapatsira munthu wodutsa, n'kumuuza kuti mawa ndi Lamlungu.

Apa tinene chilungamo, Fraser anaima. Mapemphero atatha, nthawi ya zolengeza, ananyamuka n'kunena zonse. Ananena za Goodman, za pakhonde pa golosale, za foni ndi timitambo take. Anati apongozi ake sanamangepo mvula, bodzalo analipeka yekha chifukwa chofuna ng'oma ndi dzina. Analira misozi yeniyeni. Aliness anakhala mutu uli chilili, akudikira kuti tchalitchi chigwedezeke.

Sichinagwedezeke. Kenako Hilda anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kunena mokweza kuti onse amve, "Koma mwana uyu mtima wake. Anawasenza m'madzi, anawatchinga padzuwa, lero akufuna awasenzerenso tchimo lawo."

"Eetu," anavomera amayi ena.

"Ayi, ndikunena zoona," anatero Fraser. "Foni inanena kuti..."

"Foni?" anatero bambo wina kumbuyo. "Ndiye mvula ija inagwa ndi foni? Ife tinaona ndi maso athu. Ng'oma kuchoka lero, mvula mawa."

Anthu anaseka. Aliness anaimirira n'kuyamba kufotokoza zimene anaona ku hotela, koma wina anati mwana wa mwini nkhani anganene chiyani, ndipo wina anafunsa ngati n'zoona kuti chinthucho chabwereranso m'mudzi, chifukwa ngati n'choncho chisagonemo kawiri. Mkulu wa mpingo anakweza manja kuti phokoso lithe. Anathokoza Mulungu chifukwa cha akamwini okonda apongozi awo mpaka kudzinamizira, napempha kuti achinyamata atengerepo chitsanzo. Onse anati ameni.

Aliness anawayang'ana mmodzimmodzi, anthu amene anavinira ng'oma ya bambo ake chibadwire, ndipo anazindikira kuti sangakhulupirire ngakhale Goodman yemweyo atabwera ndi foni yake. Akanakhulupirira, akanayenera kukumbukira amene anavula nkhalamba malaya, amene anakoka chitenje, amene anatuma ana ake kukathira dothi. Kunali kopepuka kuti a Sitima akhalebe mfiti. Ananyansidwa nawo onse, ndi mabuku awo a nyimbo omwe.

Panja Fraser anamutsatira. "Mwaona nokha, mayi a Lily. Ndanena. Ndachita zimene munafuna."

"Dzina layera?"



Atafika kunyumba Aliness anatulutsa bulangeti la Fraser, khasu lake ndi magalasi akuda aja, n'kuziika panja pa bwalo. Mkamwini aliyense amadziwa tanthauzo lake. Fraser anatola katunduyo osatsutsa. Sanapite yekha, amayi a kutchalitchi anamuperekeza mpaka kumsewu, ena akulira, Hilda atamusenzera bulangeti. Aliness anamva akuti pali akazi ena osayamika, ofanana ndi kumene anachokera.

Anatereka phala la bambo ake, chifukwa kuyambira m'mawa anali asanalawe kanthu. Pakhonde pawo panalibe munthu, ndipo ng'oma panalibenso. Anawapeza kuseri kwa nyumba. Ng'oma inali itagonekedwa pansi, mpeni uli pambali, chikopa chitang'ambidwa kuchokera uku mpaka uko. A Sitima anali atagwada, dzanja atalilowetsa m'kati mpaka paphewa, akupapasa.

"Bambo, mwatani?"

"Ndimafuna ndione ndekha," anatero a Sitima osatembenuka.

"Muone chiyani? Mwamva kuti Fraser wavomera. Linali bodza, bambo. Analipeka yekha."

"Ndamva." Anatulutsa dzanja, linali ndi fumbi ndi ulusi wa akangaude basi. Analiyang'ana nthawi yaitali. "Koma mwananga, mvula ija inagwadi. Anthu onse aja sangakhale akunama. Agogo anga sanandiuze zonse, mwina anaikamo kanthu ine osadziwa. Mwina ana a anthu akanafa ndi njala chifukwa cha ine."

"Bambo."

"Maso anga atha. Ako ndi abwino." Anasendera pambali kuti amupatse malo, n'kukweza chikopa chong'ambikacho. "Tayang'ana kunsi uko, pakona. Usandibisire."

Aliness anaika mbale ya phala pansi, anagwada, n'kulowetsa mutu m'ng'omamo, chifukwa bambo ake anali akudikira yankho.